Sitima Yokwana Pachikhatho

Kumaiko olemera anthu amalipira ndalama zambiri kuti azilandira tizigawo ta galimoto kapena sitima yachifaniziro sabata ndi sabata mpaka ataimanga yonse. M'malokeshoni a ku Harare ndi m'midzi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ana akhala akumanga zawo ndi waya wotola. Kodi alangizi ndi makolo akuchitapo chiyani pa luso limeneli?

Munthu akatuluka pakati pa mzinda wa Harare n'kulowera kumwera chakumadzulo, kudutsa mafakitale a ku Workington, amafika ku Lochinvar, dera limene moyo wake unamangidwa m'mbali mwa njanji. Kumeneku n'kumene kuli bwalo lalikulu losanjirapo mabogi a katundu komanso malo osungira ndi kukonzera mitu ya sitima za kampani ya National Railways of Zimbabwe. Moyandikana ndi Lochinvar kuli Rugare, lokeshoni imene inamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito kukampani ya Rhodesia Railways.

Njanji inafika mumzindawu, umene pa nthawiyo unkatchedwa Salisbury, m'chaka cha 1899 kuchokera ku Beira, ndipo mu 1902 inalumikizana ndi ya ku Bulawayo. Ntchito za panjanji, m'mafakitale ndi m'mafamu zinakoka amuna ambirimbiri ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ena anabwera pa magalimoto a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, ena wapansi paselefu. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo kumudzi ankawatcha matchona. Ana ndi zidzukulu zawo ndi nzika za m'malokeshoni a Harare mpaka lero, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Mwana amaumba chimene maso ake akuona. Wakumudzi amaumba ng'ombe yadongo n'kuiika nyanga za minga. Wa m'lokeshoni, amene wakula akumva kulira kwa sitima ndi kuona mabasi ndi malole akudutsa, amatola waya n'kupinda galimoto. Akuluakulu ambiri amangoti ndi masewera, ena mpaka kukalipa kuti mwanayo akudzaza zinyalala pakhomo. Komatu kumaiko ena, anthu aakulu ndithu, a ndevu zawo, amalipira ndalama zochuluka kuti apeze chisangalalo chomwechi. Kuyerekeza njira ziwirizi kungathandize alangizi, aphunzitsi ndi makolo kuona chuma chimene akhala akuchiponda osachizindikira.

Magazini obwera ndi kachitsulo

Ku Ulaya, ku Japan, ku Australia ngakhalenso ku South Africa kwakhala kukugulitsidwa magazini a mtundu wina amene pa Chingerezi amawatcha partwork. Magaziniwa amatuluka m'magawomagawo, sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri, ndipo kope lililonse limabwera ndi kathumba ka tizigawo tingapo ta chinthu chimodzi chachikulu. Sabata ino munthu amalandira tayala limodzi ndi tomangira take, sabata yamawa chitseko, sabata inayo kagawo ka injini. M'kati mwa kope mumakhala zithunzi zosonyeza mmene angalumikizire tizigawoto, komanso nkhani za mbiri ya galimoto, ndege kapena sitimayo. Makope amatha kufika 100 kapena kupitirira apo, kutanthauza kuti womangayo amatha zaka ziwiri kapena kuposerapo asanaone chinthu chathunthu. Ena amagula kusitolo, ena amalembetsa kuti azilandira papositi n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Makampani odziwika pa malondawa ndi monga De Agostini ya ku Italy, imene inayamba m'chaka cha 1901 ndi ntchito yosindikiza mapu, komanso Hachette ya ku France. Koma nzeru yogulitsa chinthu chachikulu pang'onopang'ono ndi yakale kuposa makampaniwa. Dikishonale yaikulu ya Chingerezi ya Oxford English Dictionary inatuluka m'timabuku ting'onoting'ono kuyambira 1884 mpaka 1928. Munthu amene sakanatha kugula buku lonse nthawi imodzi ankagula gawo ndi gawo n'kumasunga. Alimi a ku Malawi amene ankasunga makope a magazini ya Za Achikumbi m'sutikesi, n'kumawatsegulanso nyengo yobzala ikafika, amaidziwa bwino nzeru imeneyi.

Palinso njira ina imene wogula amalandira tizigawo tonse nthawi imodzi m'bokosi, n'kumata yekha ndi guluu ndi kupaka penti. Mbiri ya njirayi ili ndi phunziro kwa alimi. Kampani ya Airfix ya ku Britain, imene inayambitsidwa ndi Nicholas Kove mu 1939, inapemphedwa mu 1949 kuti ipange kachifaniziro ka thirakitala ya Ferguson TE20 koti ogulitsa mathirakitala aziyenda nako poonetsa makasitomala. Thirakitala yeniyeniyo inkapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo anapanga zoposa 500,000. Pofuna kuchepetsa mtengo, a Airfix anayamba kugulitsa kathirakitalako kosamanga, kuti wogula amange yekha. Zitayenda bwino anatulutsa zifaniziro za zombo, ndipo mu 1953 anatulutsa ndege ya Spitfire. Choncho chimene chinatsegula njira ya malondawa kukampaniyi chinali chida chofotokozera mlimi mmene makina alili, monga mmene mlangizi amachitira ndi munda wachionetsero.

Chinsinsi chili pa sikelo

Chimene chimasiyanitsa chifaniziro chenicheni ndi chidole wamba ndi sikelo, mawu amene ana asukulu amakumana nawo powerenga mapu. Akalemba kuti 1:72, ndiye kuti sentimita imodzi pachifaniziro ikuimira masentimita 72 pa chinthu chenicheni. Mapiko a Spitfire, amene kutambasuka kwake ndi mamita 11 ndi pang'ono, amakhala masentimita pafupifupi 15 ndi theka. Chombo cha Titanic, chimene chinamira mu 1912, chinali chotalika mamita 269. Pa sikelo ya 1:250 chimakhala chotalika mita imodzi ndi masentimita 7 kapena 8. Lamulo ndi limodzi: chilichonse, kaya ndi tayala, zenera kapena mpando, chichepetsedwe ndi nambala yomweyo.

Njanji ya ku Lochinvar nayo ili ndi masamu ake. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ku Zimbabwe, Zambia, Malawi, South Africa ndi njanji zikuluzikulu za ku Mozambique ndi mamilimita 1,067, pamene njanji zambiri za ku Ulaya ndi mamilimita 1,435. Timanjanji tachifaniziro tofala m'masitolo a kunja tili ndi mpata wa mamilimita 16.5, wopangidwira sitima za ku Ulaya ndi ku America pa sikelo ya 1:87. Munthu wofuna kumanga sitima ya kuno kwathu molondola pa timanjanji tomweto ayenera kusintha sikelo kukhala 1:64, chifukwa 1,067 kugawa ndi 64 imapereka pafupifupi 16.7. Amene akufuna kuona sitima zamalasha za mtundu wa Garratt, zimene zinkapangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ku Manchester ndipo zinkakoka katundu wa dziko lino kwa zaka zambiri, angazipeze kunyumba yosungirako zakale zanjanji ku Bulawayo, imene inatsegulidwa mu 1972.

Masamu amenewa ndi omwewo amene mmisiri womanga nyumba amagwiritsa ntchito powerenga pulani, telala podula nsalu, kapena mlimi poyeza munda wake. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana amene akuchepetsa basi ya mamita 12 kuti ikhale masentimita 50 amawerengera mwachidwi, chifukwa akalakwitsa basiyo imaoneka yopunduka ndipo anzake amamuseka.

Chikomekome cha mkuyu

Palibe angakane kuti magazini a m'magawo ali ndi ubwino wake. Amaphunzitsa kudekha, kuwerenga malangizo, kusamala tizinthu ting'onoting'ono ndi kumaliza chimene munthu wayamba. Achikulire ambiri opuma pantchito amapezamo chochita ndi mabwenzi. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kope loyamba limagulitsidwa motsika mtengo kwambiri, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi kagawo kokopa maso. Makope otsatira amakwera mtengo kangapo. Tiyerekeze kuti kope loyamba ndi madola 2, ena onse ndi madola 10 lililonse, ndipo makope onse ndi 100. Pomaliza munthu amakhala atalipira madola 992. Mlimi aliyense angawerengere yekha kuti ndalama imeneyi ndi matumba angati a feteleza kapena ndi fizi ya matemu angati. Vuto lina n'lakuti chifaniziro chofika theka chilibe ntchito ndipo n'chovuta kugulitsa. Munthu akafika pa kope la 40 amaona kuti kusiya n'kutaya zonse zimene walipira, choncho amapitiriza ngakhale thumba likukana. Akaphonya kope limodzi, kagawo kamodzi kosowako kamaimitsa ntchito yonse.

Ngakhale wolipira mokhulupirika satetezeka kotheratu. M'chaka cha 2022 kampani ya Eaglemoss ya ku Britain, imodzi mwa zikuluzikulu pa malondawa, inagwa, ndipo anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana anatsala ndi zifaniziro zosamaliza. Zina mwa izo zinapitirizidwa pambuyo pake ndi makampani ena, koma eni ake anayamba adikira miyezi yambiri osadziwa tsogolo la ndalama zawo.

Kwa banja la ku Lochinvar kapena ku Rugare, pangano lolipira kwa zaka ziwiri n'lovuta kwambiri. Anthu a kuno anaona ndalama ikutha mphamvu m'manja mu 2008, mpaka boma kutulutsa pepala la madola 100 thililiyoni kumayambiriro kwa 2009. Mu 2016 ogwira ntchito kunjanji ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro a miyezi yambiri amene sanalandire. Mu 2024 kunabweranso ndalama yatsopano ya ZiG. Phunziro lake limapitirira pa zifaniziro. Alangizi a magulu a mukando, banki m'khonde kapena chilimba angagwiritse ntchito chitsanzochi pophunzitsa za katundu aliyense wolipira pang'onopang'ono, kaya ndi foni, sola kapena mipando. Munthu asanasaine afunse mafunso atatu: Kodi zonse pamodzi ndidzalipira zingati? Ndikalephera pakati, nditsala ndi chiyani? Nanga wogulitsayo akatseka, ndidzadandaula kwa yani?

Fakitale ya pansi pa mtengo

Tsopano tiyeni tione mmene galimoto ya waya imapangidwira, pakuti ambiri timaiona ikudutsa koma sitinakhalepo pansi n'kuonetsetsa ntchito yake.

Poyamba mwana amasonkhanitsa waya wa mitundu iwiri: wokhuthala wopangira thupi la galimoto, ndi wopyapyala womangira polumikiza. Izi zokha zimatenga masiku, ndipo amasunga chuma chakecho m'katoni kapena m'chitini monga mmene wolembetsa magazini amasungira tizigawo take. Kenaka amawongola wayayo pomenya ndi mwala. Amapinda mbali ziwiri za galimoto nthawi imodzi kuti zifanane, chifukwa mbali imodzi ikatalika galimoto imayenda chopendekera. Matayala amapanga ndi zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo, mapatapata akutha odulidwa mozungulira, kapena waya wopinda wokulungidwa ndi malegeni. Ovuta kwambiri ndi matayala akutsogolo, pakuti ayenera kukhota onse awiri pamodzi mwana akapotoza chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Kuti zimenezi zitheke amawalumikiza ndi kawaya kopingasa, mofanana ndi mmene zilili pagalimoto yeniyeni. Odziwa kwambiri amakulunga waya pamsomali kuti apange masipuling'i, ena amaika magetsi a babu la tochi ndi mabatire akutha.

Pansi pa mtengopo pamakhalanso dongosolo. Wamkulu amene manja ake anakhwima ndiye mmisiri. Ang'onoang'ono amatola waya, kugwirizira ndi kuonerera, ndipo kawirikawiri malipiro a mmisiri amakhala waya womwewo. Galimoto ikathyoka paulendo woyamba, onse amaunjikana kufufuza chimene chavuta. Palibe amene anawalembera malangizo, koma pamenepo pali kuphunzitsana, kugawana ntchito ndi kuyesa chinthu mpaka chitayenda.

Luso limeneli linadziwika kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi. Bukuli linatuluka mu 1990 ndipo limasimba za mnyamata wofunafuna waya woti apangire galimoto yake. Chifukwa cha bukuli, ana ambiri a ku America anaphunzira mawu a Chichewa akuti galimoto, ndipo aphunzitsi awo amawauza kuti ayese kupanga zawo. N'zomvetsa chisoni kuti chimene ena akuchiphunzitsa m'kalasi, eni akefe timachithamangitsa pakhonde.

Komabe tisadzinamize kuti zonse zili bwino. Galimoto ya waya imapangidwa ndi diso lokha, popanda rula kapena chojambula, choncho luso limathera m'mutu mwa mwana mmodzi. Akafika zaka 13 kapena 14 amauzidwa kuti wakula, asiye zachibwana, ndipo palibe amene amamuonetsa khomo lotsatira. Atsikana kawirikawiri amasiyidwa kunja, ali kotunga madzi kapena kolera mwana. Masiku ano zidole zapulasitiki zotsika mtengo ndi masewera a pafoni zikulanda nthawi imene kale inkathera pa waya. M'malokeshoni a Harare, kumene makolo akudandaula ndi achinyamata osowa ntchito amene akulowerera m'mankhwala ozunguza bongo monga mutoriro, kutaya chinthu chimene chimagwira manja ndi maganizo a mwana si nkhani yaing'ono.

Kuchoka pa kachifaniziro kufika pa chenicheni

Kodi masewera otere angamufikitse kuti munthu? Mbiri ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe m'boma la Kasungu, ikuyankha. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. M'kalaibulale ka m'dera lawo anapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Asanamange makina aakulu, anayamba wapanga kachifaniziro kakang'ono kuti aone ngati nzeruyo ingagwire. Kataliza wailesi, m'pamene anasonkhanitsa zitsulo zotayidwa, njinga yakutha ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu n'kumanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba mwawo. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009 ndipo inakhala filimu mu 2019, ndipo iye anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America mu 2014. Si mwana aliyense adzafike pamenepo, koma njira imene anatsata ndi yotseguka kwa onse: yesa pa chaching'ono, pamene kulakwitsa sikuwononga zambiri, kenaka manga chachikulu.

Ena luso la waya lawapatsa chakudya mwachindunji. M'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town, ambiri mwa ogulitsa njinga, nyama ndi maluwa a waya ndi mikanda ndi ochokera ku Zimbabwe. Bungwe la Streetwires, limene linayamba ku Cape Town m'chaka cha 2000, linasonkhanitsa amisiri otere n'kuwapezera misika ya kunja. Ku Mbare, pamsika wa Siyaso ndi ku Magaba, amisiri amasandutsa zitsulo zotayidwa kukhala mafelemu a mawindo, mawilibala, ngolo ndi zigayo zazing'ono. Malowa anagumulidwa mu 2005 pa nthawi ya Operation Murambatsvina, koma amisiri anabwerera, chifukwa luso la m'manja siligumulika. Msika wa zifaniziro zokongoletsera umadalira kwambiri alendo ndipo umakwera ndi kutsika, choncho mlangizi asalonjeze achinyamata kuti adzalemera ndi magalimoto a waya. Phindu lokhalitsa ndi diso lodziwa kuyeza ndi manja odziwa kukonza.

Magawo athuathu

Chimene tingabwereke kwa anzathu a kunja ndi dongosolo lawo: kugawa ntchito yaikulu m'magawo a sabata ndi sabata, kujambula, kuyeza ndi kusunga zolembedwa. Zimenezi sizifuna madola 992. Gulu la achinyamata, kalabu ya pasukulu, mpingo kapena mzikiti angayambe ndi rula, tepi yoyezera, mapensulo, mapepala ndi zida ziwiri kapena zitatu zopanira ndi kudulira waya.

Gulu lisankhe chinthu chimene chili m'dera lomwelo: ngolo, mjigo, nkhokwe, khola la mbuzi lam'mwamba, chigayo, kapena bogi ya sitima. Ntchito igawidwe m'masabata 10 kapena 12. Sabata yoyamba apite kukaona ndi kuyeza chinthu chenicheni, atapempha chilolezo kwa mwini wake. Sabata yachiwiri asankhe sikelo ndi kuwerengera miyezo yonse. Yachitatu ajambule chinthucho kuchokera kutsogolo, kumbali ndi pamwamba. Masabata otsatira apange gawo limodzi pa sabata. Sabata iliyonse mmodzi alembe tsamba limodzi lofotokoza zimene apanga, zimene zinavuta ndi mmene anazikonzera. Pomaliza masambawo asokedwe pamodzi. Gulu likhala litatulutsa magazini yakeyake ya m'magawo, m'chilankhulo chake, imene gulu la m'dera lina lingabwereke n'kutsatira.

Aphunzitsi sali patali. Ku Lochinvar ndi ku Rugare kuli agogo amene anathera moyo wawo akukonza mabuleki, kuwotcherera zitsulo ndi kusanja mabogi. Ambiri amangokhala pakhonde, ndipo nzeru zawo zikupita nawo kumanda. Kumudzi kuli akalipentala, osula makasu ndi okonza njinga. Agogo wa ku Rugare akamafotokozera mdzukulu wake mmene sitima imakhotera, amamupatsanso mawu a Chichewa amene mwanayo sawamvanso pamsewu, pamodzi ndi mbiri ya ulendo umene unabweretsa banja lawo kuno. Atsikana aitanidwe mwadala, ndipo nthawi yokumana ikhale imene iwo angathe kufika. Ku Zimbabwe, dongosolo la maphunziro limene linayamba mu 2024 limafuna kuti ophunzira azichita mapulojekiti a pasukulu ochokera pa zinthu za m'dera lawo, choncho aphunzitsi angalandire ntchito yotere ndi manja awiri.

Alimi nawo angapindule. Titenge munda wa Pfumvudza, njira ya ulimi wosatembenuza nthaka imene inayambitsidwa ndi bungwe la Foundations for Farming ndipo boma la Zimbabwe linayamba kuifalitsa m'dziko lonse mu 2020. Mundawu ndi wa mamita 39 m'litali ndi mamita 16 m'lifupi. Uli ndi mizere 52 yotalikirana masentimita 75, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 28 otalikirana masentimita 60. Ganizo lake n'lakuti mzere umodzi udyetse banja kwa sabata imodzi, mizere 52 ikwanire chaka. Pa sikelo ya 1:50, munda wonsewu umakwana pathabwa la masentimita 78 m'litali ndi 32 m'lifupi. Mizere imatalikirana sentimita imodzi ndi theka, mapando sentimita 1.2. Achinyamata angakhome timisomali kapena timitengo poimira mapando, n'kuyala udzu wouma poimira zophimbira nthaka. Mlangizi angalinyamule thabwalo panjinga kupita nalo kumsonkhano uliwonse, ndipo mlimi amene sadziwa kuwerenga angaone ndi kukhudza dongosolo lonse asanagwire khasu. Chimodzimodzinso kaphiri kadothi kokhala ndi akalozera mbali imodzi, mbali ina yopanda kanthu: mlangizi akathira madzi ndi kathini kobowola, kukokoloka kwa nthaka kumaoneka pamaso pa onse. Khola kapena nkhokwe yachifaniziro imathandiza banja kuona zolakwika lisanagule msomali ndi umodzi womwe.

Waya achokere kuti?

Funso limeneli silofunika kulizemba, makamaka m'dera la njanji. M'chaka cha 1983 njanji ya pakati pa Harare ndi Dabuka, pafupi ndi Gweru, mtunda woposa makilomita 300, inayamba kuyendera magetsi. Pofika 2008 sitima zamagetsi zinaima, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu chinali kubedwa kwa mawaya a kopa a pamwamba pa njanji. Mabanja a ku Lochinvar ndi Rugare akudziwa bwino mtengo wa umbava umenewu, pakuti sitima zikaima ntchito nazo zimatha. Lamulo la Copper Control Act, limene linakhwimitsidwa mu 2022, limafuna kuti wochita malonda a kopa akhale ndi chikalata chosonyeza kumene wachokera, ndipo chilango cha malonda a kopa wobedwa chimayambira pa zaka 10 kundende.

Choncho gulu lililonse likhale ndi lamulo lomveka kuyambira tsiku loyamba: waya wa kopa wosadziwika gwero lake asalandiridwe, ndipo mwana asayandikire mawaya a magetsi, a foni, mpanda wa munthu kapena bwalo la sitima. Waya apemphedwe kwa omanga nyumba, okonza magalimoto ndi eni masitolo amene amataya mawaya omangira katundu, kapena gulu lisonkherane n'kugula mpukutu umodzi wa waya womangira. Zambiri zingapangidwenso popanda waya: nsungwi, bango, mapesi, makatoni, dongo ndi zitini zimakwanira.

Chitetezo cha ana nacho chisamalidwe. Podula waya, nsonga yake iloze pansi kuti isathawire m'maso. Bala lochokera ku chitsulo chadzimbiri litsukidwe ndi madzi ndi sopo mwamsanga, ndipo mwanayo apite kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Zitini zimene munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto zisagwiritsidwe ntchito, ndipo mabatire asaswedwe. Ngati gulu layamba kugulitsa zimene likupanga, sukulu ikhalebe patsogolo, ndipo ndalama zilembedwe poyera.

M'mera mpoyamba

Ntchito zambiri zachitukuko zimayamba ndi kufunsa chimene anthu alibe. Pa nkhani iyi tiyenera kuyamba ndi chimene ali nacho. Wogula magazini a m'magawo amalandira tizigawo todula kale, toboola kale, n'kutsatira malangizo a munthu wina. Mwana wa galimoto ya waya amafunafuna yekha zipangizo, amalinganiza yekha m'mutu, amapanga yekha kagawo kalikonse. Chimene akusowa ndi rula, pensulo ndi munthu wamkulu woti amuuze kuti zimene akuchitazo ndi ntchito yaulemu ndipo zili ndi kopita.

Inu alangizi, pa msonkhano wotsatira wa m'dera lanu funsani kuti ndi ana ati amene amadziwika ndi kupanga magalimoto, ndipo ndi achikulire ati amene anagwirapo ntchito zamanja. Akhazikeni pamodzi masana a Loweruka limodzi, muwapatse tepi yoyezera ndi ngolo yoti ayeze. Inu makolo, mukapeza katoni ya mawaya kuseri kwa chitseko musaitaye kudzala. Mufunseni mwanayo chimene akufuna kupanga ndiponso kuti chidzatalika masentimita angati. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo amisiri amene adzakonze mijigo, zigayo ndi sitima za mawa adzachokera mwa ana omwewa.